Mzere Umene Nuria Sanalembe

Lole ya mtedza itabwezedwa kuchokera ku Lilongwe, matumba mazana atatu onse ali momwemo, nkhani inali m'kamwam'kamwa pa boma la Ntchisi. Ogula anati mtedzawo unali ndi poizoni wa chuku wosayenera ngakhale nkhuku, chonsecho thumba lililonse linali ndi kapepala ka kopaletivi konena kuti layezedwa ndipo lili bwino. Timapepalato salemba munthu. Timatuluka m'kompyuta, ndipo pulogalamu yotitulutsa anailemba ndi Nuria Sidik.

N'chifukwa chake Lachiwiri m'mawa Sajeni Gwedeza anatulukira pashopu ya bambo ake a Nuria, makasitomala akuona. Nuria anali atasiya ntchito ku kopaletivi ya alimi a mtedzayo miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Tsopano ankayeza nsalu ndi kugulitsa machaja a foni, ndipo zamakompyuta ankati anaziiwala, ngakhale laputopu yake sinkachoka pansi pa kauntala.

"Mayi Sidik, kalata iyi ikuti munabisa chinyengo m'pulogalamu musanachoke."

"Yachokera kwa ndani?"

"Kwa a Chinkhota, amanijala. Umboni waupeza ndi katswiri wawo wamakompyuta."

"Vinsenti?"

Sajeni anagwedeza mutu. Vinsenti ameneyo anamuphunzitsa ndi Nuria yemweyo, kuyambira masiku amene ankalemba ndi chala chimodzi lilime lili kunja, mpaka kumusiyira mpando.

"Ndipatseni tsiku lalero, bwana, ndione umboniwo ndi maso anga."

"Abwana anga akufuna munthu m'chitokosi pofika faivi koloko," anatero Sajeni, akupinda kalata. "Sananene kuti akhale inu. Koma dzina lili m'thumba mwangali ndi lanu lokha."

* * *

A Chinkhota anawalandira ndi nkhope ya pamaliro. Anali munthu wokonda kukhosomola asanalankhule, ndipo tsiku limenelo anakhosomola kambiri.

"Ife sitikufuna kuipitsa munthu," anatero. "Koma alimi mazana awiri akundifunsa ine. Vinsenti, aonetseni."

Vinsenti anatembenuza kompyuta ya mu ofesi, maso ali pansi. Nuria anabisa manja kumbuyo.

"Imeneyo sindiikhudza. Mawa munganene kuti ndafufuta. Bwana Sajeni, fulashi iyi ndi yatsopano, onani sinatsegulidwe. Ng'ambani nokha pepalalo, Vinsenti akopere zonse inu mukuona. Ine ndigwira ntchito pa kope, pa laputopu yanga, netiweki nditazimitsa. Chinthu chenichenicho chikhale mmene chililimo."

Pulogalamu iliyonse yosamalidwa bwino imakhala ndi kaundula wake, amene amisiri amamutcha git. Munthu akasintha ngakhale mzere umodzi, kaundulayo amasunga zimene zasinthidwa, tsiku lake, ndi dzina la wosinthayo. Wa kopaletivi anali ndi zosintha mazana anayi ndi kanthu. Vinsenti analoza mizere itatu. Tanthauzo lake linali losavuta ngakhale kwa wapolisi: thumba likakhala la kalabu nambala 14, lidutse, chuku chichuluke bwanji. Pambali pake panali dzina la Nuria, ndi tsiku la 11 Epulo chaka chatha.

"Dzina si kanthu, bwana," anatero Nuria. "Munthu akhoza kuuza kompyuta kuti iye ndi Sajeni Gwedeza, ndipo iyo ilemba zomwezo."

"Ndiye muwerenga zonse mazana anayi? Faivi koloko ikwana musanafike pakati."

"Pakati pomwepo ndi pamene ndiyambire."

Anapeka thumba labodza la kalabu 14, lachuku chodzaza. Kenako anabwezera pulogalamu mmene inalili pakati pa mbiri yake, n'kuipatsa thumbalo. Ikalikana, ndiye kuti chinyengo chinalowa patsogolo pake. Ikalidutsitsa, chinali chitalowa kale. Mwanjira imeneyi theka limatayidwa nthawi imodzi, kenako theka la lotsalalo, mpaka kutsala malo amodzi. Sajeni anakoka mpando, chifukwa zimenezi zinafanana ndi ntchito yake: kufunsa pakati pa msewu ngati wakuba wadutsa kale, m'malo mogogoda nyumba iliyonse.

Atayesa kachisanu ndi chinayi, panatsala chosintha chimodzi. Chinali cha pa 11 Epulo chomwe chija, dzina lake lomwe lija.

Nuria anatsonya. Anayambiranso, ndipo anafika pomwepo. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mizereyo inalembedwa ndendende mmene iye amalembera, mayina a zinthu afupiafupi, kamzere kofotokoza kali pamwamba. Kwa kanthawi anadzifunsa ngati sanalembedi poyeserera n'kuiwala kuchotsa. Kudzikayikira kumeneko kunamupsetsa mtima kuposa kalata ija.

"Pepani asisi," anatero Vinsenti chapansipansi. "Inenso sindinakhulupirire."

Wotchi ya pakhoma inkati kota pasiti teni.

* * *

Nuria ndi Sajeni anapeza Lidia, woyeza mtedza, m'kachipinda kake akutsuka mabotolo ngati amulakwira. Iyeyu sankadikira funso.

"Ine musandiyang'ane choncho. Ndimayeza, ndimalemba m'buku, ndimalowetsa m'kompyuta, basi. Kalabu 14 ndinalemba manambala okwera, buku ndi ili, werengani. Anawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga, ndinawauza, sanamve. Kuti kapepala katuluka kotani, amaona ndi a ku depoti, si ine."

"M'kalabu 14 muli ndani?" anafunsa Sajeni.

"Amayi a kwa Kasakula, makumi awiri. Muli azakhali anga, ndineneretu musanakamve kwina. Muli alamu awo a amanijala. Muli mayi ake a Vinsenti. Muno tonse tili ndi wathu mmenemo, ndiye ngati mukumanga chibale, bweretsani lole."

Nuria anagwira mutu. Ankayembekeza munthu mmodzi wokhala ndi chifukwa, ndipo anapatsidwa atatu.

"Komanso muno mwafika poipa," Lidia anapitiriza. "Chibwerereni lole ija aliyense akungovundukula zinthu. Amanijala anatenga buku langa masiku awiri. Vinsenti anandisasulira kabati yonse kufuna kalendala ya chaka chatha imene ndinayala pansi pa mabotolo. Dzulo ndatuma wakabaza kukagula sopo, akuti ayi, watumidwa kale kwa Kasakula ndi fulashi. Ine ndigwire ntchito bwanji?"

"Fulashi yanji?" anafunsa Nuria.

"Ya ku depoti. Paja kompyuta ya uko sinalandire zatsopano chiyambire Disembala, mvula itadula msewu."

Nuria anakumbukira chinthu. Kudepoti ya kwa Kasakula netiweki imabwera ikafuna, ndiye iye mwini ndi amene anayambitsa zoti pulogalamu izipita pa fulashi, pamodzi ndi kaundula wake yense. Ngati wina anakonza mbiri ya mu ofesi lole itabwezedwa, kompyuta ya kudepoti inali ikusungabe mbiri yakale. Koma analinso iye amene anakonza zoti fulashi ikangolowa, zakale zonse zizifufutika n'kulowa zatsopano, kuti woyang'anira depoti asamavutike.

Anaimba foni ya a Mateyu, oyang'anira depoti. Sinkapezeka. Anaimbanso kanayi.

"Fulashiyo inapita dzulo, mayi," anatero Sajeni. "Mwina tachedwa kale."

* * *

Galimoto ya polisi inalibe mafuta, monga mwa masiku onse pamene ikufunika. Anakwera njinga zamoto ziwiri. Msewu wa kwa Kasakula nthawi ya dzinja si msewu, ndi phala. Anatsika katatu kukankha, ndipo pamtsinje wina Nuria anawoloka wapansi, laputopu ili pamutu, nsapato zili m'manja, akutukwanira mumtima aliyense amene anamulimbikitsa kuphunzira zamakompyuta. Chimene chinkamuopsa kwambiri chinali dzuwa. Patatha sabata yathunthu ya mitambo, tsiku limenelo linawala, ndipo kompyuta ya kudepoti imayendera sola.

Anafika itadutsa wani koloko. Chitseko chinali chotsegula. A Mateyu anali atawerama kuseri kwa kompyuta yoyaka, magalasi ali pamphuno, fulashi ili m'manja, akufufuza kabowo kake.

"Musalowetse, agogo!"

Nkhalambayo inaweramuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana onse awiri kuyambira kumatope a kumapazi.

"Choyamba, mwaswera bwanji," anatero. "Chachiwiri, kachinthu aka kanafika dzulo, koma batire linali litagona. Chachitatu, kanabwera ndi kapepala kongoti lowetsani msanga, kopanda siginecha. Ine ndasunga nsawa za anthu zaka makumi awiri, ndipo chinthu chopanda siginecha ndimayamba ndachiganizira. Ndachiganizira m'mawa wonse. Ndimati ndilowetse tsopano."

Sajeni analanda fulashiyo mwaulemu n'kuiika mu envulopu. Nuria anachita monga anachitira ku ofesi: kompyuta ya a Mateyu sanaigwire, anawauza okha pokanikiza, n'kutenga kope. Anakhala pathumba la mtedza, laputopu pamiyendo, n'kuyambanso kudula mbiri pakati ndi thumba lake labodza lija.

Ulendo uno Epulo yense anakana thumbalo. Meyi anakana. Julayi anakana. Chinyengo chinatulukira pa 19 Seputembala, miyezi itatu iye atachoka, sabata yomwe kalabu 14 inabweretsa mtedza wake. Dzina linali la Vinsenti.

Nuria anatembenuzira laputopu kwa Sajeni. Sajeni anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakanda chibwano.

"M'mawa munandiuza kuti dzina si kanthu."

"Koma bwana..."

"Lanu likaoneka, dzina si kanthu. La mnzanu likaoneka, lasanduka umboni? Ndili ndi makaundula awiri otsutsana. Wabodza ndi uti, ine ndidziwa bwanji? Vinsenti anena kuti munabwera kuno kale n'kukonza. Kapena amanijala analemba dzina la Vinsenti. Kapena Lidia. Abwana anga kalata ali nayo imodzi."

Nuria anafuna kuponya laputopuyo kukhoma. Choipa chake n'chakuti wapolisiyo ankanena zoona, ndipo mawu omwe ankamumanga nawo anali ake omwe. Anawoloka mtsinje, nsalu yonse matope okhaokha, kudzapeza chinthu chimene iye yekha ndiye akuchikhulupirira. Anaona m'maganizo bambo ake akubweretsa chakudya kuchitokosi, anthu a pamsika akuwaloza. Misozi inalengeza, ndipo anakwiya nayonso misoziyo.

Posowa chochita, anaika makaundula awiriwo pambalipambali n'kuyang'ana sabata ya Epulo ija. Mu wa kudepoti, Lachitatu pa 10 iye anasintha zinthu zitatu. Lachisanu pa 12 anasintha ziwiri. Lachinayi pa 11 panalibe kanthu, ngakhale kamzere kamodzi ka munthu aliyense.

"Agogo, kalendala ya chaka chatha muli nayo?"

A Mateyu sataya kalendala. Zonse zimapachikidwa pamsomali umodzi, yatsopano pamwamba. Anavundukula mpaka pa Epulo. Tsiku la 10 linali lofiira, ndipo pansi pake panalembedwa kuti Idi.

Nuria anaseka, kuseka kowawa.

"Mwezi sunaoneke," anatero. "Kalendala inati Idi ndi Lachitatu, koma Lachiwiri madzulo mwezi sunaoneke. Tinasalanso kudya tsiku lina. Lachitatu ndinagwira ntchito kukhosi kuli gwa. Idi inali Lachinayi pa 11, ofesi inali yotseka, ndipo ine kuyambira m'mawa ndinali pa mapoto kwathu."

"Zoona zimenezo," anatero a Mateyu. "Bambo anu anapha mbuzi ziwiri. Ndinapalasa njinga kuchokera kuno. Amanijala anakhala pafupi ndi ine, anawonjezera kawiri. Lidia ananyamulako m'kontena."

Sajeni anatsokomola. "Mpunga wonunkhira uja, umene unafika mumphika waukulu kupolisi?"

"Ndinakupakulirani ndine, bwana."

Sajeni anatulutsa kabuku kake, koyamba tsiku lonselo. Nuria analankhula pang'onopang'ono tsopano, chifukwa chimene ankachiona sichinkamukondweretsa. Wokonza mbiriyo anafuna tsiku la ntchito loti apachikepo dzina lake. Anatsegula kalendala yakale, anaona tsiku lofiira, analilumpha mosamala poti Msilamu sangagwire ntchito pa Idi, n'kusankha lotsatira. Aliyense amene anadya mbuzi ija sakanalakwitsa chotero.

"Ndani sanabwere?" anafunsa Sajeni.

"Vinsenti. Mwana wake anagonekedwa kuchipatala cha Mtengowanthenga masabata awiri. Ndinamupatsa tchuthi ndine."

"Ndipo kalendala ya Lidia anaifuna ndi iyeyo." Sajeni anayang'ana wotchi yake. "Tiyeni, mtsinje uja usanadzale."

* * *

Anafika pa boma hafu pasiti folo. Vinsenti anali pampando wake, ndipo ataona envulopu m'manja mwa Sajeni, nkhope yake inagwa. A Chinkhota anaima pakhomo. Lidia anabwera ndi botolo m'manja, osafuna kuphonya.

Sajeni sanatchule za kompyuta. Anafunsa ngati akucheza.

"Achimwene, Idi ya chaka chatha inali tsiku lanji?"

"Pa teni Epulo," anayankha Vinsenti msangamsanga. "Lachitatu."

"Mwaikumbukira bwino, munthu wa Katolika."

"Iii, Lachitatu lake liti?" analowerera Lidia. "Linali Lachinayi. Ine ndinasiya kwaya chifukwa cha mpunga umenewo."

Nuria anatsegula laputopu n'kuika makaundula awiri aja patsogolo pa Vinsenti. Sipanafunike kumufotokozera. Anawerenga tsiku la 19 Seputembala, anawerenga dzina lake, kenako anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mayi anga analima ekala yonse okha," anatero. "Matumba khumi ndi limodzi. Onse akanakanidwa. Ndimati ndichotsa mizereyo sabata yomweyo, koma kenako ndinaopa kuti akaona pochotsapo afunsa. Lole itabwezedwa mutu unaima."

"Zimenezo ukauze khoti," anatero Nuria. "Ine undiuze chimodzi. Muno muli anthu atatu. Chifukwa chiyani ine?"

"Munali mutachoka, asisi. Ndimati angokalipa, nkhani n'kutha. Sindimadziwa kuti amanijala apita kupolisi. Komanso ndikanatsanzira ndani? Sindidziwa kulemba mwina. Ndimalemba mmene munandiphunzitsira."

Nuria anali atakonza mawu ambiri panjinga paja, mawu olasa, ena osayenera mwana wa Sidik. Onse anathawa. Anangomva kutopa, ndi chisoni chimene sanachifune, pa munthu amene m'mawa womwewo anamuuza pepani akumuyang'ana akumira.

Sajeni anagwira Vinsenti paphewa n'kumuimiritsa. "Mayi Sidik, mubwere mawa mudzasayine sitetimenti. Lero mukagone kwanu."

A Chinkhota anakhosomola. Anasendera pafupi, akutikita manja.

"Mwatithandiza kwambiri, mayi. Kunena zoona, ife mumtimamu timadziwa kuti simungachite zimenezi. Ndiye poti mpando watsala wopanda munthu, komanso pulogalamu ikufunika kukonza, mwina Lolemba..."

Nuria anatseka laputopu n'kuiika m'chikwama. Matope a pansalu yake anali atauma, ndipo ankayoyokera pasimenti ya ofesi.

"Munadya kwathu, a Chinkhota," anatero. "Nambala yanga muli nayo. Musanalembe kalata ija, munandiimbirako?"

A Chinkhota anatsegula pakamwa, koma ulendo uno ngakhale chikhosomo sichinabwere. Nuria anadikira pang'ono, kuwapatsa mpata wokwanira, kenako anawalambalala n'kutuluka.